Tsiku limene njinga inandiulutsira kwa apongozi

Mpaka lero ndikamva ndege ikulira kumwamba, dzanja limathamangira kugwira thalauzi. Musaseke, imvani kaye.

Ine ndine mkamwini ku Itepela. Chaka chatha mtima unali m'mwamba kufuna chitengwa, kuti ndimutenge mkazi wanga tikakhale ku Mandimba. Apongozi aamuna ankangoti, "Tione kaye ngati muli ndi mutu, bambo." Mawu amenewo ankandiyabwa ngati chitedze.

Tsiku lina ku Cuamba, pa sukata pomwe amagulitsa zitsulo zakale, ndinapeza chinthu chonga kamtondo, koma cholemera zedi. Wogulitsa anati, "Achimwene, ichi n'cha m'ndege. Chimazunguza injini kuti ilire, injiniyo ikalira chimasanduka jenereta." Ine ndinangomva za jenereta zokhazo (makutu angawa amasankha zomva).

Nditafika kumudzi sindinadye n'komwe. Ndinakhazika njinga pa mitengo, tayala lakumbuyo lili m'malere, n'kumangirira chitsulocho kuti chizikhudza tayalalo. Nzeru yake inali yoti ndikamapalasa, magetsi azidzaza bateriya la apongozi, lija amalizira wailesi. Ndinaitana mudzi wonse udzaone mutu wanga. Apongozi aakazi, amene mwa mwambo timapewana ngakhale panjira, anakhala chapatali pansi pa mtengo wa mango, akusenda chinangwa.

Ndinakwera monyada. "Mayi a Rute, lumikizani waya!"

Mkazi wanga atangokhudzitsa waya ku bateriya, chinthu chija chinakumbukira ntchito yake yoyamba. Vuuu! Ndisanapalase n'komwe, tayala linazungulira lokha, mitengo inagwa, njinga n'kuliyatsa kulunjika kumango, bateriya likukwekwerezeka m'mbuyo. Mabuleki? (Ndinali nditawachotsa kalekale.)

Ndinakagwera chafufumimba m'lichero la chinangwa, pamapazi penipeni pa apongozi aakazi, thalauzi litang'ambika kumbuyo konse. Mayiwo anadziphimba kumaso ndi chitenje chawo cha kapulana. "Mayo ine, malodza!" Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Apongozi aamuna anatola bateriya losweka, n'kulitembenuza mofatsa. "Bambo, ngati ndege yopitira ku Mandimba ndi imeneyi, mwana wanga akhala konkuno."

Mpaka pano ndikulimabe munda wawo, pakhomo palibe wailesi. Chitsulo chija chili pansi pa bedi, ndipo ndikuona kuti chingayendetse bwino kachigayo. Vuto lake, mayi a Rute anabisa mawaya.