Nkhondo ya Msonkho wa Mlezi pa Msewu wa Linden

M'chaka chija chimene chisanu chinakana kuchoka mumzinda wa Duluth, mwezi wa Epulo utafika chipale chofewa chikadali cholekeza m'mawondo, nyengo imene anthu a dziko lino amagwada pamaso pa boma n'kuulula zonse zimene anapata, kunabuka nkhondo pa msewu wathu wa Linden, ndipo ine amene ndinaionera pawindo ndati ndiifotokoze, kuti adzukulu athu adzadziwe kuti makolo awo anali amuna.

Mbali ina kunali Gordon Halvorsen, Chimbalangondo cha Pakona, Mgonjetsa-chipale, iye amene bini yake ya zinyalala sinaphonyepo tsiku. Mbali inayo kunali Stavros Petrakis, Mwini Moto Wootchera Nyama wa Kuseri kwa Nyumba, dokotala wa mano amene ana akamva dzina lake amatseka pakamwa. Awiriwa anali pa ubwenzi wa ponda apa m'pondepo. Gordon anali ndi mwana wamkazi, Ingrid, Stavros wamwamuna, Niko, ndipo anagwirizana kulemba mlezi mmodzi, mayi Marisol Quintero, kuti azilera ana onse awiri m'nyumba ya Gordon. Pakutha pa sabata aliyense ankapereka theka la malipiro pamanja, n'kukagona mtima uli m'malo.

Koma Marisol, pokhala munthu womvera malamulo, anakaulula kuboma zimene analandira, ndipo atafunsidwa kumene amagwira ntchito anatchula nyumba ya Gordon. Boma silinachedwe. Linamulembera Gordon kuti iye ndi bwana wolemba anthu ntchito, chimodzimodzi mwini fakitale, ndipo ali ndi ngongole ya msonkho wa wantchito wake, madola zikwi zinayi, chindapusa pamwamba.

Gordon anavala chijekete chake cha nkhondo, nakaima pakhonde la mnzake.

"Aneba, boma latulukira kuti ndife mabwana. Bweretsani theka."

Stavros anawerenga kalatayo milomo ikuyenda. "Ine ndikuonapo dzina limodzi, bambo a Ingrid. Bwana ndinu. Zabwino zonse pa udindo watsopanowu."

"Nanga matewera a Niko ankasinthidwira m'nyumba ya yani?"

"Nanga ndani ankadyerera? Mlezi ankakupindirani ndi zochapa zomwe. Ine mwana ndimachita kumusenza pachisanu ngati thumba la mbatata. Ndinali kasitomala chabe."

Mmawa mwake Gordon, amene kuyambira kale ankachotsa chipale panjira za nyumba zonse ziwiri, anaimitsa makina ake pamalire penipeni, nasiya khoma loyera lowongoka ngati lodulidwa ndi mpeni. Stavros anabwezera poyembekezera kuti mphepo iloze kwa Gordon, ndipo itatero anaotcha nyama ya nkhosa osaitana munthu. Gordon anabweza makwerero amene anabwereka Ingrid asanabadwe, ndipo tonse tinagwira pakamwa, pakuti pa msewu wathu kubweza chobwereka ndiko kudula chibale. Pamenepo Stavros anasolola chida chomaliza: analengeza kuti dzino la Gordon, lomwe linali kale ndi tsiku lake lokaonedwa kuchipatala, lidikire mpaka Novembala. Chimbalangondo chinayamba kutafunira mbali imodzi, osadandaula.

Ndiye Marisol anawaitana onse awiri, mwana m'chiuno uku, wina uku.

"Mabwana anga, kubanki akuti popanda umboni woti msonkho wanga umaperekedwa sandikongoza ndalama zogulira nyumba. Banja lina likundifuna, ndipo iwo zawo n'zapoyera. Mukagwirizana mudzandipeza."

Ngwazi zinayang'anizana, iliyonse kudikira kuti inzake iphethire. Palibe anaphethira. Marisol anatsitsa ana n'kutenga chikwama chake.

Akazi a ngwazizi, Beth ndi Eleni, amene nkhondo yonseyi ankamwera limodzi khofi monga mayiko osalowerera, anayankha mawu amodzi: "Mwaiyamba nokha, lerani nokha." Nakwera magalimoto kupita kuntchito.

Zimene zinatsatira, lilime limalemera pozinena. Gordon anachititsa msonkhano wa pakompyuta phala lili m'tsitsi, Ingrid akulira n'kuitana dzina la Marisol pansi pa tebulo. Stavros anapita ndi Niko kuchipatala chake, kumene mwanayo analuma wodwala pamwendo, ndipo wodwalayo anafunsa ngati zimenezo zili m'gulu la chithandizo.

Sabata isanathe anakumana pakhoma la chipale, aliyense atanyamula mwana wake, maso ali psuu.

"Theka," anatero Stavros.

"Ndi chindapusa chomwe," anatero Gordon.

"Chindapusacho ndiye ayi, pakuti mwamuna wa mtundu wa Petrakis, kuyambira makolo ake…"

Niko anamukoka khutu n'kukuwiramo.

"Ndi chindapusa chomwe," anatero Stavros.

Anakalipira limodzi, anakapepesa kwa Marisol limodzi, ndipo iye anabwerera atawakwezera mtengo. Boma linapatsa aliyense nambala yake ya bwana wolemba ntchito, ndipo manambalawo anawaika m'mafelemu n'kuwapachika m'galaja ya Gordon, mmene msewu wonse unasonkhana kudzachitira umboni mtendere. Kunali masoseji, kunali mowa, kunali zolankhula. Gordon, tsaya litatupa ndi ulemerero, anakwera pa bokosi la zitsulo nalengeza kuti, pokumbukira tsiku lalikululi, antchito onse a makampani awiriwa apatsidwa tchuthi cholipidwa kuyambira nthawi yomweyo.

Tinaomba m'manja. Antchito onse a makampani awiriwo, omwe anali Marisol yekha, anathokoza, anapatsira Gordon Ingrid, anapatsira Stavros Niko, anatenga soseji imodzi, napita kwawo.