Wakuba mpweya wa m'matayala anga

Kukazizira, mpweya wa m'tayala umachepa mphamvu ngakhale tayalalo lisanabooke paliponse. Mfundo imeneyi ndaiphunzira Lachinayi lapitali, nditaimitsitsa kale ntchito munthu wosalakwa.

Ndinasiya utolankhani mu Januwale n'kubwera kudzagwira ntchito mu ofesi ya esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Akazi anga ndi oyembekezera, ndipo kagalimoto kathu kogula kwa munthu ntchito yake yaikulu ndi yodzawathamangitsira kuchipatala ku Makwasa tsiku likadzakwana. N'chifukwa chake ndinagula geji yoyezera mpweya. (Munthu wokonda manambala musamamupatse geji.)

Chiperoni chitayamba mu Juni, ndinapopetsa matayala paboma masana ena, nditayenda ulendo wautali ndithu. Onse anayi anali pa 30. M'mawa mwake, nkhungu itaphimba minda yonse, geji inati 27, 27, 26, 27. Ndinalemba m'kabuku. Omata matayala anawaviika m'madzi limodzilimodzi, thovu osaoneka. Anapopanso masanawo, ndipo kutacha anali atatsikanso. Tayala limodzi likhoza kubooka, koma anayi? Ndinadziwa kuti pali munthu.

Mlonda wa panyumba pathu anali a Namakhwa, bambo achikulire a ku Nsabwe, amene anagwira ntchito ku nazale ya tiyi zaka zambiri mpaka mawondo atayamba kuwavuta. Tsiku lina kutangocha ndinasuzumira pawindo, ndipo ndinawaona atawerama pa tayala lakutsogolo, manja ali pomwepo. Ndinatuluka bulangeti lili paphewa.

"A Namakhwa, mukutani ndi tayala langa?"

"Ndimachotsa masaka, bwana."

"Ndiye masakawo ndi amene akuphwetsa matayala?"

"Iyayi bwana, kungoti kuziziraku…"

"Kuzizira kuli ndi zala?"

Funso limeneli linandikomera kwambiri moti ndinakalibwereza kwa akazi anga tikumwa tiyi. Iwo sanaseke.

"Nanga mpweyawo akumautengera m'chiyani, abambo? M'thumba?"

Ndinalembera lipoti kapitawo wa alonda: ndime zitatu, masiku, nthawi, manambala onse. (Akonzi anga akale akanalisindikiza osasintha chilembo.) A Namakhwa anawaimitsa ntchito tsiku lomwelo. Sanatsutse. Anamangirira jekete lawo pakaliyala wa njinga n'kunena kuti, "Amayi muwapatse moni."

Anatipatsa mlonda wina, wokonda tulo moti kugalimoto sanayandikireko n'kamodzi komwe. Ndinapopetsanso paboma masana. Kutacha, 27.

Lachinayi m'mawa ndinapita kugalaja ya esiteti kwa a Chisale, amakanika a mathirakitala. Anayeza, anapeza zomwezo.

"Galimotoyo isiyeni padzuwa apo, mubwere nthawi ya nkhomaliro."

Nditabwerako, geji inati 29, pampu isanakhudzidwe.

"Wakuba wanu uja wabweza," anatero a Chisale akupukuta manja. "Inu mumapopa matayala atatentha ndi msewu, n'kumayeza atagona pachisanu. Muzipopa m'mawa musanayende. Kusukulu munkalowera pawindo?"

Ndinafunsa za masaka, koma motsitsa mawu.

"Anadzapempha konkuno madalawo, masaka anayi. Ku nazale mbande amazifunditsa kukazizira. Iwo anaona mukugwada m'mawa uliwonse ndi kachitsulo kanuko, nkhope ili gwaa, ndiye anati awafunditse matayalawo kuti tsiku la amayi galimoto isadzakanike. Ndinawauza kuti sizithandiza kwenikweni. Anatengabe."

Ankawachotsa kusanayere bwino kuti ndisaone galimoto yanga itavala masaka, ndingachite manyazi.

Lipoti lija ndakalitenga, ndipo ndalemba lina la mzere umodzi loti a Namakhwa ndi osalakwa. Kapitawo wati malo awo alipo, koma uthenga umene anawatumizira sunayankhidwe, ndipo munthu wotchedwa wakuba pamaso pa anzake sabwera ndi kakalata.

Mawa Loweruka tikupita ku Nsabwe. Akazi anga akana kutsala, ati msewuwo aupirira, ndipo olankhula akakhala iwowo. Ine ntchito yanga ndi yonyamula tambala wokapepesera, ndipo a Namakhwa akakayamba kufotokoza, ndikadikire mpaka amalize.