Foni Yanga Yawolokera ku Milange

Lolemba

Mayeso a setifiketi ya netiweki ya makompyuta ndi sabata yamawa, ku Blantyre. Ku esiteti ya tiyi akufuna munthu woyang'anira makompyuta, koma wa pepala. Ndikakhoza, ntchito ya fotokope pa bodala pano ndaisiya.

Pa foni ndapeza mayeso oyeserera, mutu uliwonse pawokha. Pulani ndi mutu umodzi pa tsiku:
- zingwe
- maadiresi a makompyuta
- kugawa netiweki m'tizigawo
- marauta
- chitetezo
- kusaka chavuta netiweki ikafa

Lero zingwe. Ukakhoza funso limabiriwira, ukalakwa limafiira. Foni yonse yabiriwira ngati munda wa tiyi. Ndadzigulira chinanazi, ndadya ndekha.

Lachiwiri

Maadiresi. Ndili pakati pa mayeso, foni yangoti zii. Kenako uthenga: "Bem-vindo a Moçambique." Ine ndili pa mpando wanga ku Malawi kuno, foni yawoloka mtsinje yokha popanda chiphaso. Bandulo yanga tsidya lija sigwira.

Netiweki ya kwathu ndaipeza pamwamba pa chulu kuseri kwa shopu. Mutuwo ndaumaliza chiimirire, mkono uli m'mwamba. Zofiira n'zochepa.

Madzulo apongozi afika kuchokera kwawo ku Milange, tsidya lomwe lija, bondo likuwavuta. Akhala nafe mpaka Loweruka, tsiku lokaonana ndi dokotala ku Mishoni.

Lachitatu

Chiperoni. Phiri silikuoneka, chulu chikuterera. Ambulera dzanja ili, foni dzanja ilo, masamu a tizigawo m'mutu. Zofiira mbwee ngati tomato wa pa msika. Potsika ndakhala pansi mosafuna.

Apongozi andiona akudutsa. Kunyumba afunsa mwana wawo: "Kodi amake Tamanda amaitana ndani pa chulu paja?"

"Akuphunzira za netiweki, amayi."

Agwedeza mutu mwaulemu, atenga ndodo, ulendo wa ku msika. Bondo lero likuyenda bwino.

Lachinayi

Pa shopu pali mzere, koma wofuna fotokope palibe. Abwera:
- wakabaza, akuti foni yake imaduka akaimba akazi ake okha
- osintha ndalama, akufuna foni yogwira mayiko onse awiri nthawi imodzi
- amayi ena ndi wailesi
- abambo achikulire ovala jekete, mwana wawo wa ku Joni adasiya kuimba

Ndafotokoza kuti yanga ndi ya makompyuta. Akuti ndisadzichepetse, apongozi anena zonse. Ndazimitsa mafoni n'kuyatsanso, ena achira. Tsopano ndatchuka.

Abambo a jekete aja, foni yawo ilibe vuto. Andiyang'ana n'kuti, "Ndi netiweki ya kumeneko, eti mayi?" Ndawauza kuti ku Joni imavutadi. Apita akumwetulira.

Mutu wa marauta sindinautsegule n'komwe.

Lachisanu

Chitetezo. Funso loyamba: pasiwedi ungauze ndani? Yankho: aliyense ayi. Labiriwira.

Nditangofika kunyumba masana, apongozi: "Amake Tamanda, tandiuzani tinambala totsegulira foni yanu tija." Apongozi umawakana bwanji? Ndawauza. Ndawabwerezeranso kachiwiri.

Akhala pa mkeka, aimbira achemwali awo, adzukulu, ndi amayi ena oimba nawo kwaya. Chilomwe chokhachokha, kuseka mpaka kutsokomola. Kwa iwo netiweki siduka, chulu sachifuna. Foni yabwera yotentha, bandulo yatha, batire latsala kamzere. Magetsi nawo athima.

"Obrigada," atero, kuthokoza m'Chipwitikizi. "Foni yanu ndi yomvera."

Loweruka

Ndawaperekeza ku Mishoni. Kuno netiweki ndi yodzadza, benchi ilipo, bandulo yatsopano ndagula. Mutu wa lero ukuyenda bwino kwambiri, zobiriwira zikungotsatana. Mtima wayamba kuvina.

Basi atiitana. Apongozi akuti Chichewa cha dokotala n'chothamanga, ndilowe ndikawamasulire. Nkhani ya bondo aiyambira nthawi ya nkhondo ya kwawo, pamene ankawoloka ndi mwana kumsana. Dokotala wamvetsera yonse. Ine ndamasulira yonse, ndipo zina sindinkazidziwa.

Potuluka, nthawi ya mayeso oyeserera yatha kale. Mafunso osayankhidwa afiira okha.

Dokotala akuti bondo lipume. Apongozi amva kuti apume kwathu.

Lamulungu

Ndawerengera zomwe ndikudziwa: zingwe, maadiresi pang'ono, ndi funso limodzi la chitetezo lomwe sindilitsata. Kusintha tsiku la mayeso nthawi yadutsa, ndipo a ku esiteti sadikira. Ndipita basi. Bambo ake Tamanda akuti ndikangoona funso la zingwe ndilimbikire pomwepo.

Pobwera ku tchalitchi ndapeza apongozi akusita chitenje chawo chatsopano. Akuti Blantyre sanamuonepo chibadwire, ndipo mpongozi wawo sangapite yekha kokalandira udokotala wa mafoni.

Ndawauza kuti m'chipinda cha mayeso salola operekeza.

"Palibe kanthu," atero. "Ndikhala pakhomo, ndizikauza anthu kuti muli m'kati."

Ndawapatsa chikwama chathu chachikulu kuti alongedze.