Ndinasala Kudya Chifukwa cha Matayala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu kuti manyazi sapha, chifukwa akanakhala kuti amapha, bwenzi pano mukudya nyemba za pamaliro anga.

Mwana wathu woyamba, Tadala, amene amagwira ntchito ku Joni, anatitumizira kagalimoto kotsegula kumbuyo kuti tizinyamulira kabichi ndi mbatatesi kuchoka kwathu ku Biriwiri kupita kumsika wa Manjawira. Oyendetsa ndi amuna anga, aNgozo. Mpando wakutsogolo, wakumanzere, ndi wanga. Ndinkaukonda mpando umenewo, abale. Ndinkatsitsa galasi, chigongono panja, n'kumapereka moni ngakhale kwa anthu amene sitilankhulana.

Mvula itatha, msewu wathu unali maenje okhaokha, ndipo galimoto inayamba khalidwe lachilendo. ANgozo akangofewetsa manja pachiwongolero, iyo inkalowera kumanzere ngati mbuzi yaona dimba. Chiwongolero nacho chinkakhala chopendekeka pamene msewu uli wowongoka.

Tsiku lina tikutsetsereka, aNgozo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi a Tadala, galimotoyi ikukokera mbali iti?"

"Kumanzere."

"Nanga kumanzereko kumakhala ndani?"

(Ndivomere, Mulungu anandidalitsa ndi thupi. Chitenje chimodzi chimandikwana mwa chisomo chokha.)

"Mawa mukhale kumbuyo, mbali ya kumanja, kuti tilinganize katundu."

Katundu. Ine mkazi wa ukwati wodalitsidwa kutchalitchi, katundu.

Ndinakhaladi kumbuyo pa matumba a kabichi, fumbi likundiphoda kumaso. Anzanga a pamsika ankafunsa kuti, "Mwalakwanji, mayi?" Ine n'kumati ndikufuna kamphepo. Galimoto sinasinthe ngakhale pang'ono. Koma aNgozo anati mbali ya kumanzereyo inazolowera kale kulemera kwanga, ndiye pafunika nthawi kuti iiwale.

Pamenepo ndinaganiza zosala kudya kuti ndiphweko, ndibwerere pampando wanga. Vuto n'lakuti kwathu kuno mayi sangangoyamba kukana chakudya, anthu amayamba kunong'ona za matenda. Ndiye amayi anzanga a kumpingo atandifunsa pa mapemphero a Lachinayi, ndinayankha kuti, "Ndikusala, pali chimene ndikupempherera." (Silinali bodza lenileni. Mpandowo ndinkaupemphereradi.)

Nkhani inakula. Amayi a tcheya, otsogolera gulu lathu, anaimirira n'kunena kuti aliyense atengere chitsanzo changa, ndipo gulu lonse linayamba kusala nane limodzi. Amayi ena owonda kale ngati bango ankabwera kudzandigwira dzanja kuti ndiwakumbukire m'mapemphero, ine m'mimba mukulira ngati chigayo. Matayala ndinawadzozanso mafuta ophikira, poganiza kuti mwina muli mzimu wokoka. Anapindula ndi agalu a m'mudzi, ananyambita mpaka matayala kuwala.

Tsiku lina la msika amayi a tcheya anatipempha kuti tiwatengeko. Poti ndi opepuka, aNgozo anawakhazika kutsogolo, pampando wanga, ine kumbuyo ndikuyimba nyimbo ya kupirira. Titafika ku Manjawira tinapeza tayala lakutsogolo latha mpaka mawaya kuonekera, koma m'mphepete mmodzi mokha, kwinako likuoneka ngati latsopano. Tinapita tonse kwa makaniko, Che Amidu, kuseri kwa masitolo.

Che Amidu anasisita tayalalo ndi chikhatho, kenako anatenga chingwe n'kuchikoka kuchokera ku tayala lakumbuyo kufika ku lakutsogolo, mbali zonse ziwiri.

"Bambo, matayala akutsogolowa sakuyang'ana kumodzi. Ili likupita ku Balaka, ili ku Mozambique. Ndi alayimenti imeneyi. Munagwerapo m'dzenje?"

ANgozo anatsokomola. "Kadzenje kakang'ono, pafupi ndi mlatho."

"Kakang'ono kamene kamapinda chitsulo?"

Che Amidu analowa kunsi kwa galimoto ndi sipanala, n'kupotokola kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala. Akapotokola, atuluke ayeze ndi chingwe, alowenso, mpaka chingwe chinagona bwino pa matayala onse. Anati tayala lothalo lichoke lero lomwe, ndipo tikapita ku boma tikayezetsenso pa makina.

Apa ndi pamene njala inandidulira mabuleki a pakamwa.

"Che Amidu, ndiye kuti si thupi langali?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana aNgozo, kenako anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mayi, galimotoyi imasenza matumba a mbatatesi mpaka kudzaza. Inu mungaipendeke bwanji?"

"Ndiye ndasala kudya pachabe nthawi yonseyi?"

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu ofatsa a amayi a tcheya, munthu amene sanalawe kanthu chiyambire m'mawa.

"Amayi a Tadala, kodi ifeyo timasalira chiyani?"

Ndinayang'ana pansi kufuna dzenje loti ndilowemo, koma pagalaja paja panalibe ngakhale limodzi.

Pobwerera ndinakhala kutsogolo, tchipisi m'manja, galimoto ikuyenda mowongoka ngati mwana wobatizidwa kumene. Amayi a tcheya anakana okha mpando, anakakhala kumbuyo pa matumba opanda kanthu mpaka ku Biriwiri. Lachinayi lotsatira ndinagwada pamaso pa gulu kupepesa, ndipo chilango changa chinali kuphikira amayi onse mpunga wa nkhuku. Nkhukuzo zinali za aNgozo. Sindinawapemphe.

Kupemphera sindinasiye, Ambuye ndi wabwino nthawi zonse. Kungoti masiku ano amuna anga akati vuto ndine, ndimayamba ndawafunsa dzenje limene agweramo.