Mwana Wanga Sanabadwe mu Januwale

Nancholi,
Blantyre.

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yolumikiza Maiko Kudzera mu Mpira wa Ana,
Mandala.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada polemba kalatayi, ngakhale mawondo anga anatha kale ndi kupalasa makina osokera. Ine ndine Angelina January, telala wa mumsika wa Limbe, mayi wake wa Idah January, mtsikana uja ankagwira pagolo m'timu yanu ya atsikana mpaka tsiku limene ofesi yanu inatulukira kuti ndi nkhalamba. Kuofesi kwanu ndafikako kanayi, ndipo kanayi konse mlembi wanu wandiuza mwaulemu kuti muli pamsonkhano. Munthu wokonda misonkhano chonchi si womusokoneza, ndiye ndati kuthokoza kwangaku kudzere m'nyuzipepala.

Choyamba, zikomo pondiuza mwezi umene ndinabereka. Ine ndinkayesa kuti munali mu Novembala wa 2009, pa 19, dzuwa likuswa mtengo. Kadi ya kusikelo ikutero, kalata ya ubatizo ikutero, msana wanganso sunaiwale. Koma kalaliki wanu, podzaza fomu ya Chingerezi ija ya mpikisano wa ku Ulaya, anafunsa mwanayo dzina, iye n'kuyankha kuti Idah January. Bamboyo analemba Idah pa dzina, January n'kumuika pa mwezi wobadwira. Pa dzina la bambo anasiya mpata, mwina poganiza kuti ana a ku Nancholi amangomera okha ngati bonongwe. Tsono lamulo la mpikisano limafuna ana obadwa kuyambira Julaye wa chaka chimenecho. Mwana wanga anakalamba ndi miyezi khumi asanadzuke pampando, ndipo ndege yopita ku Ulaya inamusiya.

Kalalikiyo sindikumudzudzula ayi. Ndi munthu wophunzira, wa komiti yodziwa zikhalidwe za maiko akutali, sangataye nthawi ndi maina a ku Nsanje. Adziwa bwanji kuti agogo a mwamuna wanga anaoloka Shire kuchokera ku Mozambique atasenza dzina limeneli pamodzi ndi mphasa? Ndingothokoza Mulungu kuti sindinakwatiwe kwa a Sande, bwenzi mwanayo atalembedwa kuti amasewera Lamulungu lokha.

Chachiwiri, zikomo chifukwa golo silinakhale lopanda munthu. Mwamwayi panapezeka Joan, mwana wa mlongo wanu wa ku Nyambadwe, amene fomu ikuti ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine sinditsutsana ndi fomu. Kungoti Joan ameneyu ndinamusokera ndine zovala za chinkhoswe zaka zitatu zapitazo, chaka chotsatira n'kubweranso kuti ndimukulitsire madiresi m'mimba. Tepi yanga mwina imanama. Ofesi yanu ili ndi mphatso, Bwana: kwa ife imawonjezera miyezi, kwa achibale imachotsa zaka. Mutaitsegulira amayi a mumsika muno, mzere ungafike ku Chichiri.

Chachitatu ndi cha gule. Munalamula kuti anawo akaonetse chikhalidwe chathu pa mwambo wotsegulira mpikisano, ndipo Idah anatha miyezi itatu akuphunzitsa anzake utse wa kwathu, ine n'kusoka zovinira zake. Pofika tsiku la ulendo ana anakwera khumi ndi mmodzi, akuluakulu khumi ndi atatu, ndipo odziwa nyimbo onse anatsala kuno. Inu simunafune kuti dziko lichite manyazi. Munamanga chitenje pamwamba pa suti n'kulowa m'bwalo pamodzi ndi achiwiri anu. Kanemayo tinaonera pafoni kumsika, ndipo mayi wina wa ku Chikwawa, wogulitsa zipi pafupi ndi ine, anafunsa mwachifundo ngati munaponda linthumbwi. Ndinamudzudzula. Ndinati umenewo ndi utse wa akuluakulu, wovina munthu atakhuta.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha mawu anu anzeru a pawailesi, akuti simunapite kukapambana koma kukasinthana chikhalidwe. Kusinthana kunachitikadi. Matimu a ku Ulayawo anatipatsa zigoli zisanu ndi zinayi pa masewero oyamba, khumi ndi ziwiri pa achiwiri, ife tinawapatsa Joan. Pa achitatu ndamva kuti mwanayo anapempha kupuma chifukwa cha msana, matenda odziwika a ana a zaka khumi ndi zinayi.

Pali kamtsikana kena ka kumeneko, kogwira pagolonso, kamene okonza mpikisano anakalumikiza ndi Idah kuti akafikire kwawo. Anakhala akulemberana pafoni miyezi inayi, Idah kukaphunzitsa moni wa Chisena, iko kumuonetsa chipale chofewa pawindo. Kanakadikira pabwalo la ndege ndi chikwangwani cha dzina la mwana wanga ndi magolovesi atsopano, ndipo poona kuti mnzake palibe, kanapereka magolovesiwo kwa inu kuti mudzamupatse. Ndikuthokoza kuti munawasunga m'manja mwa Joan masewero onse awiri. Amene anawaona akuti akadali oyera ngati a m'sitolo, poti sanakhudzane ndi mpira. Tsiku lililonse akadzafika ku Nancholi tidzawalandira ndi manja awiri.

Apa Bwana mundilole ndiike ulemu pansi pang'ono, chifukwa ukundilemera. Tsiku limene ndege inanyamuka Idah sanalire. Anachapa jezi yake, n'kuiyanika, kenako anandifunsa ngati boma limalola munthu kusiya dzina la bambo ake. Bambo akewo, a Eliot January, anamwalira iye ali sitandade 3, ndipo ndi iwo ankamuponyera mpira wa mapepala pakati pa njerwa ziwiri kuseri kwa nyumba. Sanamusiyire munda kapena nyumba ya malata, anamusiyira dzina lokhalo. Mtima unandipweteka, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimaphonya ulusi pa singano. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi, weniweni, akuchita manyazi ndi dzina la bambo ake chifukwa munthu wina kuofesi kwanu anachita ulesi kufunsa funso lachiwiri.

Tsopano ana a ku Ulaya aja akubwera ku Blantyre mwezi wamawa kudzabwezera ulendo, kamtsikana kaja kali m'gululo. Maina a osewera athu akutumizidwa Lachisanu sabata yamawa, ndipo kwa ana a msinkhu wa Idah uwu ndi mpikisano wotsiriza. Mlembi wanu akuti chimene chalowa mu kompyuta sichituluka pokhapokha inu mutasaina. Ndikudziwa kuti dzanja lanu ndi lotopa ndi kugwirana chanza ndi maiko, ndiye sindingalipemphe ntchito yaikulu chonchi popanda umboni. Makalata a kusikelo ndi a ubatizo mwawakana, mawu a ine amene ndinamubereka mwawakana.

Choncho ndagwira mwendo wanu, ndipo ndi mwendo womwewo ndikuupempha. Loweruka likudzali, nthawi ya 9 m'mawa, mubwere pabwalo lathu la fumbi ku Nancholi. Msewu ndi woipa, koma galimoto ya komiti ndi yaitali. Mpira tibwereka, mpando wopumirapo ndibweretsa ine. Idah aima pagolo chimanjamanja, inu mumenye mapenate asanu pamaso pa anthu. Ukalowa ngakhale umodzi, ndisaina ndekha kuti ndinabereka mu Januwale, ndipo sindidzapondanso ku Mandala. Koma akagwira onse asanu, Bwana, chonde mutulutse cholembera pomwepo, mumubwezere mwana wamasiyeyu Novembala wake, dzina la bambo ake mulibwezere pamzere wake.

Ine wanu wosaphunzira, amene ndinalipo pa tsikulo,

Angelina January,
Telala, Msika wa Limbe.