Loko wa pa Chimbudzi cha Akazi ku Paki ya Atsekwe

Kwa Wolemekezeka Bwana Oyang'anira Mapaki, Maluwa ndi Abakha a Mzinda uno,

Bwana,

Pepani pokusokonezani pamene muli kalikiliki kutiteteza ku mliri muli kunyumba kwanu, kumene ndikhulupirira kuti zitseko zonse zimatseguka. Ndine Liesbeth Verhulst, mphunzitsi wamba wa mbiri yakale. Ku yunivesite anatiphunzitsa mmene maufumu amagwera, koma nzeru zonga zanu sanatigawireko.

Ndalemba kuti ndithokoze. Chiyambire m'bindikiro mwakhala mukutilangiza kuti tiziyenda m'mapaki kuti tikhale athanzi, ndipo ine ndi mayi anga, a Godelieve, tamvera. Iwo anachitidwa opareshoni ya chiuno mliri usanafike. Dokotala sanapite m'mbali: akaleka kuyenda miyendo iuma, masitepe a nyumba yawo awakanika, ndipo kotsala n'kosungira okalamba, kumene masiku ano ana amaonera makolo awo pawindo ngati nsomba za m'galasi. Choncho takhala tikuyenda. Mzinda umene ndinabadwiramo ndaudziwa chaka chino: njira ya pamwamba pa linga lakale, mitengo ya m'mbali mwa ngalande, dziwe la ku Paki ya Atsekwe limene kale ndinkangolidutsa pa njinga osatembenuka n'khosi lomwe.

Choyamba, zikomo chifukwa cha loko. Kale mkazi akapanikizika ankalowa m'nyumba ya khofi, n'kuitanitsa kapu imene sakuifuna, n'kuthamangira kuseri. Nyumba zimenezo zitatsekedwa, inu munazindikira kuti kachilombo kamabisalira anthu pa chogwirira cha chitseko, ndiye munakhoma zimbudzi zonse za m'mapaki. Loko wake ngokongola, wonyezimira. Tamuyendera kangapo.

Chachiwiri, zikomo potiululira kuti kachilomboka kamaopa amuna. Pafupi ndi chimbudzi chokhomacho pali kampanda kachitsulo kaja kokhotakhota, kamene amuna amataira madzi chiimire, mutu ndi nsapato zili poyera. Kameneko simunatseke, poti kalibe chitseko. Ndagoma nanu. Mayi ataona bambo wina ali m'menemo akuimba mluzu, anandikoka dzanja n'kunena kuti, "Taona, Liesbeth, mnzathu akuchita kuimba. Ine ndinabereka ana atatu, ndinapirira bambo ako mpaka kumanda, lero ndigonje kwa loko?"

Chachitatu ndi mlonda wanu, Bambo Dewulf, amene akuyenera kukwezedwa pantchito. Tsiku lina masana, tili kutali ndi kwathu, zinawafika pakhosi mayi. Tinalowa kuseri kwa chitsamba chachikulu cha maluwa ofiira, ine n'kutambasula chikhoti changa ngati katani. Posakhalitsa wezulo inalira. Bamboyo, pomvera lamulo lanu lotalikirana, anaima patali ndithu, ndiye kuti timve anayenera kukuwa.

"Mayi inu muli kuseriko, amenewo ndi maluwa a khonsolo!"

Othamanga anachepetsa liwiro. Okankha ana m'tingolo anaima. Ngakhale atsekwe anasuzumira.

"Ndamva, achimwene," anayankha mayi ali chinjutire. "Bwerani mundidzutse, chiunochi n'chachitsulo."

Sanabwere, lamulo silimulola kuyandikira. Anangoima chilili n'kumayang'anira ntchito yonse mpaka kumapeto, monga wantchito wokhulupirika. Tikuchoka, galu wa munthu wina anafika pa chitsamba chomwecho n'kukweza mwendo. Wezulo sinalire. Sindikudandaula, Bwana, ndikungofuna kudziwa kumene galuyo anatenga chilolezo, mwina mayi angakalembetseko.

Panjira mayi anaseka, anamutcha mlondayo mayina amene sindingalembe kwa munthu wa ulemu wanu. Koma m'mawa mwake anakana khofi, anakana madzi, akuti tiyende opanda chiopsezo. Tinayenda, mpaka anachita chizungulire pa mlatho, ndipo mpando wapafupi munali mutauzinga ndi chingwe chofiira. Kuyambira pamenepo satulukanso. Ndodo yawo ili kuseri kwa chitseko. Ndikawanyengerera amati, "Pita wekha, ukandiuze mmene abakha aliri." Dzulo ndinawapeza atakhala pakati pa masitepe, akuti akuganiza. Mayi anga saganizira pa masitepe.

Ndinaimbapo foni ku ofesi yanu. Mawu ojambulidwa anandiuza kuti nkhani ya zimbudzi ikuunikidwa ndi komiti. Ndinasangalala kumva kuti komitiyo imakumana pa kompyuta, aliyense ali kwake, pafupi ndi chimbudzi chake. Mpake kuti sikufulumira.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Sanadziwe kuti kudzabwera nthawi imene womva m'mimba adzakhala wina, wosunga kiyi wina.

Pempho langa n'laling'ono. Tsegulani chitsekocho, ikani sopo, anthufe kusamba m'manja tinaphunzira. Koma ngati komiti ikufunabe nthawi, pali njira ina yosavutitsa khonsolo. Mzinda wonse umadziwa nyumba yanu yokongola ija yochita malire ndi Paki ya Atsekwe, ya mpanda wamaluwa wautali wodulidwa bwino, ndi kageti kobiriwira kotulukira kupaki. Chonde kagetiko muzikasiya kosakhoma. M'nyumba sitilowa, lamulo tikulidziwa. Mpandawo watikwanira.

Ndawafotokozera mayi za ganizoli, ndipo koyamba chichitikire zija afunsa kumene kuli nsapato zawo. Akuti Lachiwiri m'mawa adzamwa khofi wawo yense, kenako tidzanyamuka.

Ine wanu wogwira chikhoti,

Liesbeth Verhulst