Sindikonza Mafoni

Lolemba

Ndafika kwathu ku Nsipe. Lilongwe ndamuthawa. Kuseri kwa nyumba yanga atsegula malo owotcherera zitsulo, mutu sukugwira. Kuno kuli zii, mbuzi zokha.

Cholinga cha sabata ino: kumaliza buku la malangizo a pulogalamu ya pafoni yothandiza alimi kupeza ogula mbewu. Ntchito yanga ndi imeneyo. Anyamata a ku Ulaya amapanga pulogalamu, ine ndimalemba mmene munthu angaigwiritsire ntchito osatukwana. Pagulu lathu mkazi ndine ndekha, wakuda ndine ndekha, amene anagwirapo khasu ndinenso ndekha. Abwana akufuna bukuli Lachisanu. Likachedwa, kontrakiti ya chaka chamawa ili m'madzi.

Malamulo amene ndadziikira:
— kudzuka tambala woyamba
— osacheza
— osaponda kumsika
— zitumbuwa za amayi, pang'ono chabe

Abambo akuigogoda laputopu ndi chala ngati akusankha chivwende. "Kodi ntchito yakoyi kwenikweni ndi yotani?" Ndafotokoza mofatsa, mpaka ndi zitsanzo. Agwedeza mutu, atenga ndodo, apita kokacheza. Amva!

Lachiwiri

Sanamve.

Ndikutsegula chitseko, pakhonde padzaza anthu. M'lichero la amayi muli:
— mafoni, ina yomanga ndi mphira
— wailesi yonunkha utsi
— tochi
— wotchi ya atsibweni, yomwe inaima nthawi ya chipani chimodzi

Abambo auza mudzi wonse kuti mwana wawo amakonza mafoni a azungu.

"Sindikonza mafoni ine, ndimalemba!"

Azakhali: "Eya, lemba kaye maina athu, kukonzako uyamba ukadya."

Kuti andisiye, ndatenga foni ya azakhaliwo, ndadina batani la m'mbali. Inali yongozima. Yayaka. Nthungululu mpaka kumsewu! Tsopano ngakhale nditalumbira palibe angandimvere.

Zolemba: tsamba limodzi, theka lake ndi mutu. Zitumbuwa: tisakambe.

Lachitatu

Magetsi athima. Laputopu yakomoka pakati pa chiganizo chabwino kwambiri chimene ndalembapo chaka chino. Sindikuchikumbukira.

Ndanyamula katundu kupita kugolosale ya a Sayidi, amene ali ndi sola. Lamulo la kumsika lagwa. Andipatsa kampando pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo. "Khalani mwanathu, dzuwa salipiritsa." Kapempho kamodzi kokha: firiji yawo ikubuula.

"Firiji sindizidziwa, bambo."

"Ingoimverani."

Ndaimvera. Ikubuuladi. Akhutira.

Aliyense wolowa akuima kumbuyo kwanga n'kumawerenga mokweza zimene ndikulemba. Mayi wina akuti ndimugulitse machesi. Masana a Sayidi apita kumzikiti kukaswali, akuti ndingoyang'anira pang'ono. Ndapima shuga, ndadula sopo, ndakangana ndi munthu za mchere. Akuti malonda lero ayenda bwino, dzanja langa ndi lamwayi.

Buku: ndime ziwiri. Laputopu ikununkha usipa.

Lachinayi

Nzeru zatsopano! Poti anthu sakundisiya, ndiwagwiritsa ntchito. Malangizo abwino amayesedwa pa anthu enieni. Ndakhazika abambo ndi amayi pamphasa, foni m'manja.

Choyamba: sankhani nambala yachinsinsi. Abambo: "Pakhomo pano palibe chinsinsi." Aitchula mokweza, nkhuku zonse zamva. Amayi akuti ndi chaka chimene abambowo anabwerako ku Joni, mudzi wonse ukuchidziwa.

Chachiwiri: pukutani galasi ndi chala kupita kumanzere. Amayi alavulirapo pang'ono, apukuta ndi chitenje. Zonse zafufutika. Mawuwa ndi anga, ndinawaganizira mwezi wathunthu! Ena oti ndiyese:
— tsetsereretsani (amayi lilime lakana)
— kokani (abambo akoka foni yonse)
— sisitani (onse awiri aseka, sakundiuza chifukwa)

Chachitatu: lembani mbewu imene mukugulitsa. Ndatuluka kukatenga madzi akumwa. Pobwera abambo alemba kale, adinanso batani lobiriwira. "Mkamwini waulesi. Mtengo tikambirana." Akunena a Yohane, amuna a mng'ono wanga, amene chikwatirireni akuyembekezera kuti msana upole.

Zoyesera zonse zimafika ku Ulaya. Posakhalitsa uthenga: mkamwini ndi mbewu yanji? Ndayankha kuti ndi mtundu wa dzungu, limakula litangokhala pansi. Mulungu andikhululukire.

Lachisanu

Tsiku la mlandu. Msonkhano wa pakanema ndi abwana. Netiweki yokwanira kanema ikugwira pakhonde la a Sayidi pokha, kuyang'ana msewu waukulu. Ndavala bulauzi ya ku ofesi, m'munsi chitenje cha amayi ndi masilipasi.

Zondithandiza kuyankhula:
— mathiraki a ku doko
— "Mbatatesi! Kabichi! Tomato wa lero!"
— tambala womangidwa panjinga, wosagwirizana ndi ulendo wake

Abwana akufunsa za buku. Ndikunena kuti maziko ake ndi olimba. Akufuna aone masamba.

Kenako mthunzi. Abambo! Jekete ya tchalitchi, kumutu chisoti cha kumgodi. Alowetsa nkhope yonse mu kamera, kwa abwana kukuoneka mphuno yokha. Awalonjera m'chilapalapa cha kumigodi, poti mzungu aliyense amachimva. Kenako kwa ine: "Uwauze kuti mwana uyu ndinamuphunzitsa ndi thukuta la pansi pa nthaka. Mabwana ndawaona ambiri. Asamamuthamangitse ngati ngolo."

Ndamasulira: "Akuti moni."

Koma ndapukuta m'maso. Ndanamizira fumbi.

Abwana aseka mpaka kuvula magalasi. Andipatsa mpaka Lachitatu likudzali, osapitirira, za kontrakiti tidzakamba buku lili m'manja. Akutinso dzungu lija tiliwonjezere pa mndandanda wa mbewu, ogula amakonda zachilendo.

Loweruka

Lero ndilemba tsiku lonse. Ndatseka chitseko, ndatchinga zenera ndi chitenje.

Kugogoda. Mng'ono wanga, maso ofiira. Nkhani yafika: akuti ine ndagulitsa amuna ake kwa azungu pa intaneti. Kumbuyo kwake a Yohane, nsapato zopolisha, chikwama paphewa. Iwo sanakwiye ayi. "Alamu, ngati kumeneko akundifuna, ine sindikukana. Pasipoti yokha."

Msana wapola!

Bwalo pansi pa mango. Azakhali abwera, atsibweni abwera, akufunsanso za wotchi. Ndafotokoza kuti zinali zoyesera, palibe wagulidwa, palibe wogula. Mng'ono wanga mtima wakhala pansi. A Yohane akhumudwa, akuti ndawatsekera mwayi chifukwa cha nsanje. Abambo akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango. Chigamulo: ndipepese kwa onse. Ndapepesa. Abambo sanatchulidwe n'komwe.

Amayi akugawa zinthu za m'lichero kwa eni ake, akuti zipangizo ndinaiwala ku Lilongwe, ndidzamaliza pa Khirisimasi.

Buku: ndasintha mutu, ndabwezeranso wakale.

Lamulungu

Ndikubwerera kwa owotcherera zitsulo. Iwo samagogoda pachitseko.

Tili pamsewu. Amayi andimangira thumba la mbatatesi lolemera kuposa ine. Abambo anyamula laputopu ndi manja awiri ngati mbale ya mazira. Njira yonse akhala akufunsa, pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno akumvetseradi. "Ndiye azunguwo amapanga chinthu, koma kufotokoza satha?" Eya. "Ndiye iweyo umawayankhulira?" Eya, bambo. Kenako: "Hmm."

Minibasi yaima, yodzaza kale. Kondakitala akundikankhira kumbuyo, pamwamba pa kabichi. Abambo akweza ndodo.

"Mnyamata, ameneyu usamupanikize. Ndi mlembi."

Mlembi! Pakamwa pa abambo! Misozi ikufuna kutuluka.

Kondakitala wavula kapu. "Pepani mayi, sitinadziwe. Mlembi wa mpingo uti?"

Abambo akundiyang'ana. Ine ndikuwayang'ana. Kufotokoza ndatopa nako.

"Wa konkuno."

Atsitsa munthu kumpando wakutsogolo, akhazikapo ine. Dalaivala wachepetsa wailesi. Akuti poti lero tili ndi mwayi, mayi mlembi atitsogolere m'pemphero la ulendo.

Ndapemphera. Mawu oyamba, thunthu, mathero, zonse m'malo mwake, palibe wandidula. Basi yonse: "Ameni!"

Sabata yonseyi, chimene ndamaliza ndi chimenechi.